Ndinasintha Mtedza wa Kafukufuku wa Mwana Wanga

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Nsanama m'boma la Machinga. Sukulu ndinalekeza sitandade 4, choncho mundikhululukire ngati nkhani yanga ikuyenda mokhotakhota. Masiku ano chakudya sichikulowa.

Mwana wanga Rashida anaphunzira mpaka kunja, ndipo pano akuphunzitsa za sayansi pa yunivesite ina. Ine ndinkayesa kuti munthu wotero ntchito yake ndi kukhala pa mpando wozungulira. Iyayi, iye akuti amafufuza chuku cha mu mtedza, chimene amati chimawononga chiwindi. Zaka zonse zija za sukulu, mapeto ake chuku!

Titangokolola anabwera kumudzi pa galimoto ya kuntchito. Tsiku la msika tinapita limodzi, ine nditamanga chitenje chatsopano kuti anthu andione. Aphungu, manyazi amene ndinaona tsiku limenelo! Mwana wanga ankayenda mulu ndi mulu kugula mtedza pang'onopang'ono, osasankha. Wonyala, wakuda, wobooka, ngakhale wotsalira pansi pa thumba umene timaponyera nkhuku, iye ankangoti, "Ndipatseni womwewo." Ankauika m'timatumba ta pepala n'kulembapo manambala. A Bernadetta ogulitsa tomato anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Anzanga, kodi ku yunivesiteko kwagwa njala? Nenani, tiwapatseko maungu."

Mawa lake Rashida anapita ku Nayuchi kukagula mtedza wina, timatumba tija anatisiya kuchipinda. Ndinakhala pakhonde n'kuyamba kulingalira. Mwanayu akakafika nazo izi pamaso pa mabwana ake, akati chiyani? Akati mayi ake sanamuphunzitse ngakhale kusankha mtedza. Akatinso anthu a ku Nsanama timadya zinyalala. Basi ndinatenga lichero. Ndinamasula timatumba tonse makumi anayi, kamodzikamodzi kuti manambala asasokonekere, n'kukhuthula wake uja, n'kuikamo mtedza wanga wa chalimbana wouma bwino, wosankha ndi manja angawa. Ndinamanga mmene anamangira iye. Ananyamuka osadziwa kanthu, ine mtima uli mbee, poti mwana ndamuchotsera manyazi.

Sabata yatha anaimba foni akusangalala. Anati, "Amayi, zodabwitsa! Mtedza wa ku Nayuchi ndi wa ku Phalula uli ndi chuku, koma wa kwathu ku Nsanama, timatumba tonse makumi anayi, mulibe ngakhale pang'ono." Ndinafunsa mochenjera ngati anauona ndi maso ake. Akuti iyayi, kuntchitoko amagaya ndi kuyeza ndi anthu ena, iye amangolandira manambala. Mnzake wophunzitsa masamu, a Raymond, akuti awerengetsa katatu, ndipo chiyambire ntchito sanaonepo manambala oyera chonchi. Pano a Raymondwo akufuna abwere adzaone mmene timaumitsira mtedza kuno. Adzaona chiyani, Aphungu? Ife timayanika pansi ngati wina aliyense, enanso amawaza madzi kuti makoko afewe posenda.

Choopsa kwambiri n'chakuti mwezi wamawa Rashida akukanena zimenezi pa msonkhano wa mapulofesa, ndipo akuti zikayenda bwino amukweza pa ntchito. Ndinawaululira bambo ake, a Swaibu. Anaseka mpaka kofia inagwa, kenako anati, "Mayi, tsekani pakamwa. Inu nokha mwatukula Nsanama kuposa mabungwe onse." Iwo akuseka, ine ndikuonda. Kodi kusintha mtedza wa boma ndi mlandu wa zaka zingati? Ndikaulula, mwana andida. Ndikakhala chete, a masamu aja akubwera. Ndichite chiyani?

M.S., Nsanama

Mayi M.S.,

Khazikani mtima pansi, idyani. Sindikuona wapolisi akubwera kudzamanga lichero lanu. Koma a Swaibu musawamvere. Amene ali pangozi si inu, ndi Rashida.

Mphunzitsi wa pa yunivesite sangoima kutsogolo kwa ophunzira. Mbali yaikulu ya ntchito yake ndi kufufuza n'kulemba zimene wapeza, ndipo amakwera kapena kugwa ndi zimenezo. Katundu wake yense ndi mmodzi: anthu akhulupirire manambala ake. Mtedza wonyala uja ankaufuna dala, chifukwa akufuna kudziwa zimene anthu akudyadi, osati zimene timatulutsira alendo. Kodi mukadwala, kuchipatala mumakapereka magazi a mnansi wanu wathanzi poopa kuti adokotala akusekani? Ndi zimene mwachita, ngakhale munachita mwachikondi.

Akakanena pa msonkhano kuti ku Nsanama kulibe chuku, anzake sakangoomba m'manja. Anthu amenewa amakonda kutsutsana kuposa ogulitsa nsomba. Ena adzabwera kudzagula mtedza wawo, adzayeza, adzachipeza chukucho. Pamenepo palibe adzanene kuti mayi ake analowererapo. Adzati Rashida anapeka, ndipo wofufuza akadziwika kuti amapeka, ntchito yatha. Ndiponso munthu wa masamu akawerengetsa katatu, si kuti akusangalala. Akukayika.

Muimbireni lero, inu mwini, osatuma munthu. Musayambe ndi za mvula ndi za odwala m'mudzi monse. Nenani mwachindunji: tsiku limene munachita, timatumba tonse makumi anayi, ndi mtedza umene munaikamo. Akakalipa musadule foni, ndipo musalire mokweza kuti iyeyo ayambe kutonthoza inu. Msiyeni akwiye, ndi ufulu wake. Akadziwa lero, nthawi ilipo. Akhoza kuwauza anzake, kugula mtedza wina, kapena kukanena za Nayuchi ndi Phalula zokha. Mwina kukwezedwa kuchedwa chaka chimodzi. Zimenezo zimapola.

Mkwiyo ukatsika, mufunseni akufotokozereni ntchito yake bwinobwino, komanso mtedza umene ndi woyenera kusinjira nsinjiro kunyumba kwanu. Muli ndi katswiri m'banja, koma mwakhala mukumuchitira manyazi mmalo momufunsa.

Chenjezo langa ndi ili. Mwasaina ndi zilembo ziwiri, koma ku Nsanama kulibe amayi awiri amene mwana wawo amafufuza chuku, ndipo ku yunivesite nyuzipepala amawerenga. Musadikire mawa, musadikire kuti mtima ulimbe. Nkhaniyi aimve pakamwa pa mayi ake, asanaimve kwa mnzake wa kuntchito atanyamula tsamba lino m'manja.

Aphungu