Kompyuta ya Achemwali pa Tebulo Langa Losokera

Lolemba, 3 Malichi
Achemwali. Abwera kuchokera ku yunivesite ndi chikompyuta chawo, achikhazika pa tebulo langa, makina anga osokera awatsitsira pansi ngati dengu. Ati chikuwerengera mmene mapuloteni amagwirirana mkati mwa selo, ndiye chisazime mpaka chimalize. Mawaya a nyumba ino ndi okalamba, ukalumikiza makina kapena simbi magetsi amathima. Choncho ine kusoka ayi, kusita ayi. Amayi: "Uziwamvera akulu ako." Ndamva.

Lachitatu, 5 Malichi
Telala wa pakona wati ndimubweretsere diresi losoka ndekha Loweruka. Likakhala bwino, ntchito ndi yanga. Nsalu ndadula kale, ili pabedi. Ndapempha achemwali theka la tsiku lokha. Andionetsa sikirini m'malo mondiyankha: kaulusi kopotana, ati akitini, ndi chinthu chonga mbatata chikukakamira pambali pake kuti chikadule. "Ulusi umenewu ndi umene umayendetsa selo, iwe. Ukazimitsa, ndiyambiranso pachiyambi." Ulusi wawo wojambula ndiye wofunika. Wanga uziola m'kabati.

Lachisanu, 7 Malichi
Ndikusoka pamanja. Zala zonse mabala. Makina a aneba lamba anaduka, ndabwerako chimanjamanja. Singano kulowa, kutuluka, kulowanso. Chikompyuta chili fuu tsiku lonse, chipinda kutentha. Pulagi yake ndaiyang'ana kangapo. Sindinaikhudze, Mulungu ndi mboni.

Loweruka, 8 Malichi
Telala watembenuza diresi, wayang'ana msoko, wapindanso. "Mwayesetsa, mayi." Watenga mtsikana wina.

Lachiwiri, 11 Malichi
Kwabwera mnzawo wa m'kalasi, wamagalasi akuluakulu. Waona makina pansi, wafunsa, amayi afotokoza monyadira. Iye kuseka: "Aa, bwanji osachiimitsa kaye? Chimasunga chokha, chimapitiriza pomwe chalekera."

Achemwali maso pa zikhadabo. "Ndimafuna chithe msanga."

Ankadziwa. Lachitatu lija ankadziwa, akundionetsa mbatata yawo ija.

Lachinayi, 13 Malichi
Chamaliza. Puloteni yonga mbatata ija yadula ulusi wake, m'nyumba nthungululu. Makina abwerera patebulo, awanyamula okha, apukutanso fumbi. Kenako abwera ndi siketi yoti akavale pokafotokoza zotsatira zawo mawa. "Mng'ono wanga, tangondipindira m'munsimu."

Ili pampando pomwe aisiya. Akavale yokhwekhwereza, kapena akauze kompyuta iwapindire. Nkhani imeneyi sindidzaitchulanso, kwa iwo kapena muno.