Mavalavu a Mlamba

Lolemba, 7 Okotobala 2024

Mlamba wanga waima pa matayala anayi kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Thupi lake latha, zenera lalowa. Sitima ya munthu mmodzi yoyenda pansi pa madzi, zaka zitatu ndikuwotcherera. Area 3 yonse ikuti mdala uja zinamusokonekera. Anene, pakamwa mpawo.

Chatsala ndi mavalavu a pamwamba pa mathanki awiri a m'mbali. Ndilembe bwino kuti mawa ndikafotokoze mosadodoma. Mathankiwo kunsi ndi obooka. Mpweya ukakhalamo madzi salowa, sitima iyandama. Ukatsegula valavu mpweya utuluka, madzi alowa, wamira. Pobwerera: tseka valavu, tsegula botolo la mpweya, madzi akankhidwira kunsi, wavuuka. Koma valavu ikatsala yotsegula, mpweya wonse wa m'botolo uthawira pamwamba, iwe n'kukhala pansi pompo mpaka kalekale.

Ndajambula mavalavu opota ngati mpopi. Zaka 34 za upulambala, dzanja langali limadziwa mpopi kuposa supuni.

Lachiwiri, 8 Okotobala

Ku Old Town kwa a Abdulhamid, osema zitsulo kuseri kwa Msika wa Tsoka. Pepala langa analiyang'ana nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno. Akana. Iwo akufuna a sipiling'i: ukakoka chogwirira valavu itseguka, ukasiya idzitseka yokha. Akuti, "A Davison, ine ndimasema zitsulo, mabokosi a maliro amakhoma ena."

Ndinawafunsa ngati anamvapo kuti ine ndasiya mpopi ukudontha. Anangondiwonjezera tiyi. Zaka makumi awiri tikudziwana, lero kundiyesa mwana. Sipiling'i imachita dzimbiri, imatopa, kachitsotso kamodzi kuilepheretsa kutseka. Dzanja silichita dzimbiri. Ndabwerako wokwiya.

Lachisanu, 11 Okotobala

Madzi kulibe, tsiku lachiwiri. Dzuwa lophulitsa mutu.

Ndayesa ganizo langa mu mgolo wa madzi ochapira. Chitini chozondotsa, mpopi wakale pamwamba. Kumira bwino, kuvuuka bwino, kasanu konse. Kuti itsekeretu, kupota kasanu n'kawiri. Akazi anga, a Eveless, anali pakhonde akusadzula masamba. Osatukula n'komwe mutu: "Mavalavu awiri, kasanu n'kawiri iliyonse, muli mu mdima, mukunjenjemera." Ndinati ine sindinjenjemera.

A Bonaventure, mnzanga wa kutchalitchi, avomera damu la kumunda kwawo, njira ya ku Bunda. Kuya mamita asanu. Tiyesa pa 16 Novembala, mvula isanadetse madzi.

Lachiwiri, 15 Okotobala

Ndagula ndekha mavalavu awiri opota, a mkuwa, ndawamanga. A Abdulhamid akhale nazo sipiling'i zawozo. Masana onse m'kati, chitseko chotseka, thukuta kamukamu, kuyeseza. Tsegula, werenga mpaka khumi, tseka, mpweya. Kakhumi osaphonya. Potuluka ndimamva ngati ndili ndi zaka makumi atatu.

Loweruka, 19 Okotobala

Manyazi.

A Eveless anapita dzulo ku Nathenje ku chinkhoswe cha mdzukulu wa achemwali awo. Ndekha pakhomo. M'mawa madzi kulibe. Ndinatsegula mpopi wa kubafa ndi wa kukhitchini n'kuisiya choncho, monga timachitira tonse m'tauni muno, kuti akabwera tiwamve. Potuluka ndinatseka. Ndikukumbuka bwinobwino dzanja likupota.

Pobwera kumsika, madzi akutuluka pansi pa chitseko mpaka pageti. Mphasa kuyandama, thumba la ufa phala lokhalokha. Mipopi yonse iwiri yotsegula.

Ndamasula mipopiyo, ndayang'ana mawashala pa dzuwa. Ndimafunitsitsa apezeke ong'ambika. Ali bwinobwino. Ndinawaika ndekha chaka chatha.

Lamulungu, 20 Okotobala

A Eveless abwera m'mawa. Ndinanamizira washala. Anandiyang'ana akufinya chiguduli, kenaka anati, "Bambo, kuyambira pa Isitala ndine ndimatseka pambuyo panu. Mpopi, geti, botolo la gasi. Sindimanena, ndimaopa kukuchepsani. Koma mu Mlamba wanumo mpando ndi umodzi."

Kutchalitchi sindinapite. Ndinalowa m'sitima, n'kukhala ndikuyang'ana mavalavu anga awiri, owala bwino. Lachiwiri lija sindinaphonye, inde. Nanga dzulo ndinkadziwa kuti ndaphonya? Ndikanalumbira pa Baibulo kuti ndatseka.

Ndikuopa. Ndilembe choncho, buku lino sawerenga wina. Madzi sindikuwaopa ayi, ndikuopa mutu wangawu.

Lachinayi, 31 Okotobala

Masiku khumi osagwira cholembera. Mavalavu opota aja ndinamasula. Imodzi ili pa thanki ya a neba, ikugwira ntchito yake yoyenera.

Lero kwa a Abdulhamid, chipewa m'manja, mawu opepesa nditakonza kuyambira mu minibasi. Sanandilole kumaliza. Anawerama pansi pa tebulo n'kutulutsa mavalavu awiri okulungidwa mu nyuzipepala. Osema kale. Sipiling'i zosachita dzimbiri, kasefa pamwamba koletsa zitsotso, chogwirira chimodzi chokoka onse awiri. Miyeso ya mathanki anga ndendende.

Ndinafunsa kuti miyeso anaitenga kuti, poti pepala langa lija ndinabwerera nalo. Akuti, "Mayi a kunyumba kwanu anabwera mu Ogasiti, miyeso atakopera pa envulopu. Anati ndisakuuzeni mpaka mudzafunse nokha." Ndiye kuti tsiku la tiyi lija mavalavuwa anali pafupi ndi mapazi anga, ine ndili kalikiliki kudzitama.

Ndinakoka chogwirira, n'kusiya. Kha! yatseka. Ndinabwereza mwina kakhumi, a Abdulhamid akunamizira kusesa. Tagwirizana kuti pa 16 Mlamba amire kaye wopanda munthu, pa chingwe, katatu. Za ine kulowamo tidzakamba ndikabwerako kwa dokotala. A Eveless akuti tipite Lolemba, ndipo sindinatsutse.

Kunyumba madzi apitanso. Ndinatsegula mpopi wa kukhitchini, mpweya wokhawokha, dzanja n'kuchokapo lokha monga mwa nthawi zonse. Ndinafika pakhomo, ndinaima, ndinabwerera kukatseka. A Eveless anali pakhonde, anamva. Sanadzuke kukaona.

Ndinabwererako ndekha, kawiri.