Madanga Atatu, Dzina Limodzi

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko?

Ife kuno ku Liwonde tilipo, kungoti mwana wanu wa ku koleji uja wachita manyazi. Alamu anga Che Saidi, amuna a mlongo wanga Asiyatu, anabwera kudzationa mwezi utangooneka kumene, mpaka mwezi unafa iwo asanachoke. Loweruka ndinapangana ndi mutu wanga. Ndinavala jekete, kunyamula chikwama, n'kulengeza kuti a ku ofesi andituma ku Zomba ndipo ndikakhalitsa. Ndimati mwini nyumba akanyamuka, mlendo naye amayamba kufunafuna nsapato zake. Koma iwo, "Iyayi alamu, muyende nokha ngati mulibe abale? Ndikuperekezeni." Anandilanda chikwama, kundifikitsa pa siteji, n'kuima pomwepo mpaka basi inabwera. Ndikanatani? Ndinakwera. Ndinatsikira siteji yotsatira n'kubwerera wapansi, ndipo dzuwa la kuno mukulidziwa. Ndinawapeza pakhonde atavala patapata wanga. Anangoti, "Zomba yayandikiratu masiku ano." Mpongozi wanu Patuma anathawira kukhitchini, ndimamumva akusekera m'chitenje.

Ndiyambe ndi zabwino. Chichitireni sadaka yanu, Asiyatu ali ndi mwana wamkazi ndipo tamupatsa dzina lanu. Chipumi ndi chanu, kukalipa ndi kwanunso. Chimanga ku Chikweo chinapserera chikumasula, koma chinangwa ndi nandolo zawagwira dzanja. Paja munkati chimanga ndi bwenzi la pa chikondwerero, chinangwa ndiye m'bale. Thonje lachita bwino. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa ana awiri, ndipo ikulowabe m'munda mwa eni ake monga kale. Denga la nyumba yanu layamba kudontha chakumutu kwa bedi. Udzu ndatumiza kale uthenga kuti amwete.

Tsono za ku ntchito. Munkandifunsa kuti mu ofesimo ndimalima chiyani poti ndimabwerako ndi manja osalala. Lero ndikuyankheni. Chaka chino tinatuma anyamata m'midzi ya Machinga ndi Balaka kukafunsa alimi mafunso. Mafomu abwerako m'makatoni, ena onyowa, ena olumidwa ndi mbewa. Ntchito yanga ndi kuwapeta ngati mpunga, kuchotsa timiyala ndi mankhusu, asanapite ku makina owerengera aja akuti kompyuta. Pa fomu iliyonse pali madanga atatu: mwini munda ndani, amaulima ndani, amagulitsa zokolola ndani. Koma makinawo ali ndi kamwa laling'ono. Akufuna danga limodzi lokha, lakuti mlimi. Ine ndiye wophatikiza atatuwo kuti akhale limodzi. Ndipo dzina lotsala m'dangamo ndi limene alangizi adzaliitane ku kalabu ya alimi kukalandira feteleza ndi mankhwala opopera thonje.

Mayina akafanana m'madanga onse, pensulo imangotsetsereka. Koma kwathu kuno afanane kangati? Ena anayankha kuti "tonse". Nkhalamba ina ya ku Utale inati mwini munda ndi Mulungu, mnyamatayo n'kulembadi, ndipo ine sindinapeze potsutsira. Bambo wina wamitala ndamupeza m'midzi itatu, monsemo ali pa danga logulitsa. Pa danga lolima ndinamusaka mpaka maso anawawa, palibe.

M'katoni ya ku Chikweo ndinakumana ndi munda wathu. Pa danga la mwini munda panali Abiti Juma. Inuyo, Amayi. Anamufunsa Asiyatu, iye n'kutchula inu ngati mwangopita kumjigo. Ndinayang'anitsitsa dzinalo, anzanga ankayesa ndikuwerengera. Pa danga lolima, Asiyatu. Pa danga logulitsa, Saidi.

Abwana athu anaphunzira kunja, ndipo fomuyi ndikuganiza anabwera nayo m'sutikesi. Lamulo lawo ndi lalifupi: mayina akasiyana, tengani la mwamuna. Ndinalowa mu ofesi mwawo ndi mafomu m'khwapa, ulemu wonse uli pamaso. Ndinati, "Bwana, kuno mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi. Munda ndi wa mbumba. Ukwati ukatha, mkamwini amanyamula bulangete lake ndi njinga, nthaka imatsala. Bwanji titenge dzina la amene amagwira khasu?" Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati, "Eni minda ena anamwalira, ndipo akufa salima; azimayi nawo sabwera ku misonkhano. Mukufuna alangizi azikayankhula ndi ndani?" Ndinati azimayiwo sabwera chifukwa saitanidwa. Apo ndi pamene anatsamira kumbuyo, n'kuponya diso pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chimene chili pakhoma, nati, "A Jafali, kodi mukutsutsana ndi chitukuko?" Amayi, masiku ano funso limenelo munthu sayankha motalika. Ndinati, "Iyayi, bwana." Ndinatuluka chobwerera m'mbuyo, mafomu anga ali m'khwapa momwemo.

Mwaona tsono chimene chinawakhazika alamu anga pakhonde panga. Anamva kwa alangizi kuti mayina akudutsa m'manja mwanga, ndiye anabwera kudzaonetsetsa kuti pa munda wanu palembedwe iwo. Chikanakhala chifukwa chokonda munda, bwenzi nditawaphera nkhuku. Koma Chikweo yense akudziwa kuti ku Utale kuli mayi wina amene akumufunsira, ndipo aswa kale mphanje kumeneko. Feteleza akadzatuluka m'dzina lawo, simufunikanso kuombeza kuti akathiridwa m'mizere ya yani. Inu munkanena akumva kuti mkamwini ndi tambala wobwereka, kulira alire koma khola si lake. Iwo ankaseka nanu, poti mawu anu ankabwera pamodzi ndi mbale ya mpunga.

Chondipweteka n'chakuti zimene ankapemphazo lamulo la abwana linali litawapatsa kale. Ine sindinawauze. Fomu yathu ndinaiika pansi penipeni pa katoni, ndikuyembekeza kuti mwina lamulo lisintha. Madzulo aliwonse ndikamavula nsapato, iwo, "Alamu, zathu zija?" Ine, "Makina akuganizabe." Iwo, "Aganize bwino, ife sitithamanga." N'kuitanitsa tiyi wina.

Ndinayesanso, musati ndinangokhala. Ndinapempha kuti danga la wolima lipite nawo pambali. Akuti khadi lolowa m'makina ladzaza, mulibe malo. Ndinati nanga ndiike kanyenyezi pa minda ya azimayi kuti alangizi azidziwa. Akuti makina sawerenga nyenyezi. Mnzanga wa tebulo loyandikana anandikoka jekete n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, muli ndi ana. Phatikizani madangawo." Ndinaphatikiza. Tsamba ndi tsamba, a Abiti Uje ndi a Abiti Uje ankalowa kumanzere kwa pepala, kumanja n'kutuluka amuna okhaokha. Azimayi onse aja munkapalira nawo, okhala ndi zikhatho zolimba ngati chikwanje, m'buku la boma salima.

Dzulo galimoto inabwera kudzatenga makatoni. Fomu yotsala inali imodzi. Ndinasongola pensulo yosongoka kale, kupita kukamwa madzi, kubwerako, fomu ili pompo ikundiyang'ana. Ndinalemba kuti Saidi. Ine amene, mwini mbumba, amene munandigwira dzanja m'chipatala n'kunena kuti ndiyang'anire mlongo wanga. Munagulitsa thonje kuti ndiphunzire kulemba mokongola, ndipo ndikuuzeni, dzinalo ndinalilemba mokongola ndithu.

M'mawa uno ndawauza. Anaimirira, kundigwira chanza ndi manja awiri, nati, "Ndinkadziwa ine kuti sukulu yanuyi siinapite m'madzi." Chikwama chawo, chimene chinkaoneka ngati chamera mizu, chinamangidwa madzi a tiyi asanawire. Patuma anawakulungira utaka woti akapatse Asiyatu, ndipo anawadalitsa ndi mawu okoma kuposa onse amene wawayankhulapo chibwerereni. Ndinaima pakhomo kuwayang'ana akupita. Pa mphambano paja sanakhotere msewu wa ku Ntaja wopita kwathu. Analowera ku siteshoni, kumene amakwerera sitima ya ku Utale, utaka wa Asiyatu uli m'manja.

Pepala landikanika, Amayi, koma miyendo ndili nayo. Tsiku logawa feteleza ndidzapempha tchuthi, ndidzalawirira ku Chikweo, ndipo akadzangoitana dzina la alamu anga, ine ndi Asiyatu tidzakhala pa matumbawo mpaka alowe m'munda mwanu. Akafuna kuwanyamula adzanyamule ndi ife tomwe.

Mulungu akuwalitsireni pamene mwagonapo. Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Jafali