Bambo akukhoza mayeso, koma dzina langa aiwala

Aphungu,

Kunja kukuwaza mvula chiyambire m'mawa, ndipo tsopano ndi masana. Bambo agona pampando wawo, nsapato zili kuphazi chifukwa akana kuvula. Chitseko ndakiya, kiyi ili m'thumba mwanga, ndiye ndapeza mpata wokulemberani. Ine pamaso pa anthu mawu amandithawa. Kulemba ndiye ndimayesako.

Bambo anga anali dalaivala wa basi. Anapuma ntchito kalekale, mayi anamwalira, ndipo m'nyumba tinatsalamo awiri. Achimwene anga amakhala mbali ina ya tauni ndi akazi awo. Chaka chatha bambo anayamba kuiwala. Poyamba zinali zazing'ono, kuthira shuga kawiri, kufunsa ngati mayi abwerako kumsika. Tsopano amadzuka, n'kuvala malaya awo akale a ntchito, n'kuuyamba ulendo wa kudepoti kukafuna basi yawo. Dzina langa satchulanso. Amati, “Kondakitala, tseka chitseko tinyamuke, anthuwa achedwa.” Aneba akamva amaseka. Inenso poyamba ndinkaseka.

Kuchipatala kwathu kunabwera anthu ochita kafukufuku wa okalamba. Anatifotokozera kuti m'magazi muli zinthu zotchedwa mapuloteni, ndipo akufuna kudziwa ngati ena mwa mapuloteniwo ndi amene amathandiza anthu ena kukhala moyo wautali mutu ukugwirabe bwino. Achimwene anawalembetsa bambo. Pakapita miyezi ingapo timapitako. Amawatenga magazi, kenako nesi amawauza mawu asanu oti awasunge, n'kuwafunsanso pakapita kanthawi. Amawapatsanso pepala kuti ajambule wotchi.

Ulendo woyamba bambo anakumbukira liwu limodzi lokha, ndipo wotchiyo inatuluka ngati chiwongolero. Achimwene atamva anakwiya. Anati, “Iwe, amenewa ndi mayeso. Akadzapeza mankhwala adzayambira amene akukhoza. Unali pomwepo, mawuwo unawamva. Uziwaphunzitsa tsiku lililonse. Unalephera wekha mayeso a pulaimale, usawalepheretsenso bambo.”

Ndiye ndakhala ndikuwaphunzitsa. Mpando, tambala, chipewa, mtsinje, singano. Powasambitsa, powameta ndevu, m'minibasi popita kuchipatalako. Mawuwo ndinawaika m'kanyimbo kuti alowe m'mutu. Pojambula wotchi ndimawagwira dzanja mpaka lizolowere. Tsiku lina anagwetsa misozi, amvekere, “Ndalakwa chiyani kuti mundibwezere kusukulu?” Ulendo wapitawu anatchula mawu anayi, nesi n'kuwayamikira kuti achita bwino.

Sabata yomweyo bambo anatuluka ine ndili kubafa. Ndinakawapeza pamphambano ya msewu waukulu. Wogulitsa nyuzipepala anali atawagwira mkono, akuti wawachotsa pakati pamsewu galimoto zikuwazemba. Ndinaimbira achimwene foni. Ndinapempha kuti azibwera ngakhale Loweruka lokha, kapena apeze munthu woti ndizisinthana naye. Anati, “Achipatala akuti bambo akuchita bwino. Iwe ukudziwa kuposa achipatala? Ungonena kuti watopa nawo.” Alamu ndinawamva chapatali akuti, “Nanga amene sali pantchito ndani?”

Mukuona, Aphungu? Mayeso amene achimwene anandituma okha kuti ndibere ndi omwewo akunditsekera nawo pakamwa. Iwo amabwera kamodzi pamwezi atanyamula buledi, bambo n'kuwaimirira ngati bwana wa kudepoti, n'kuwapatsa mpando. Ine wochapa zofunda zonyowa m'mawa uliwonse ndine kondakitala. Masiku ena ndimawayang'ana achimwene akumwa tiyi wanga, mtima n'kuwawa moti ndimapita kukaima kukhitchini.

Mwezi wamawa tikupitanso kuchipatala. Ndikufuna kumuuza nesi zoona, koma achimwene akuti ndikangotsegula pakamwa bambo achotsedwa m'kafukufuku, ndipo akadzafa osalandira mankhwala mlandu udzakhala wanga. Ndinene, kapena ndizingowaimbitsabe kanyimboko?

Ndamaliza kulemba Lolemba, nthawi ya 3 koloko masana.

T.M.

Mwana wanga,

Nena. Ndipo unene bambo asanalowe m'chipinda cha mafunso.

Achimwene ako sanamvetse. Pa mafunso amenewo palibe wokhoza kapena wolephera. Ofufuza amafuna kuona mmene mutu wa munthu ukusinthira, kuti ayerekeze ndi zimene apeza m'magazi. Munthu akabwera ataloweza mayankho, iwo amalemba zolakwika osadziwa, ndipo matenda a bambo ako amabisika kwa anthu omwe akanawathandiza. Dziwanso kuti kafukufuku ndi kufufuza basi. Amene akuyeza mapuloteniwo akadali kufunafuna yankho, ndipo palibe botolo la mankhwala limene likudikira otchula mawu asanu. Ngati bambo adzapitirire m'kafukufukuyo kapena ayi, sindingakulonjeze. Ufunse nesiyo molunjika, akuuza.

Wati mawu amakuthawa. Chabwino, lemba monga wandilembera ine, umupatse nesi m'manja. Ulembemo za kanyimbo, za wotchi, za pamphambano paja. Upemphenso kuti bambo aonedwe ndi dokotala ngati wodwala, kupatula za kafukufukuzo. Kuwaphunzitsako leka lero lomwe. Munthu wamkulu akafika polira, ndiye kuti zamupweteka.

Uza achimwene kuti tsikulo mupite limodzi, akadzimvere okha. Akakana, pita kwa wamkulu wa kubanja amene iwo amamumvera, kaya azakhali kaya amalume. Usakangoti “ndithandizeni,” chifukwa mawu amenewo aliyense amavomera n'kuiwala. Ukapemphe chinthu chooneka: Loweruka lililonse achimwene azidzagona kwa bambo, iwe uzipuma. Munthu amene wachapapo zofunda kamodzi salankhulanso za kutopa kwa mnzake mopepuka.

Pakali pano sokerera kansalu kokhala ndi nambala ya foni yako m'kati mwa malaya a ntchito aja. Dziwitsa aneba, wogulitsa nyuzipepala uja ndi a kudepoti kuti akawaona ali okha akuimbire. Ndipo wina akabwera ndi mapiritsi oti ndi “puloteni ya moyo wautali,” usagule, usawamwetse.

Kuwawa mtima kwako ndakumva, ndipo sindikukudzudzula. Watopa chifukwa ukugwira wekha ntchito ya banja lonse.

Chenjezo langa ndi ili. Achimwene akakwiya, akakakamira kuti wawaononga bambo, usabweze mawu ako pofuna mtendere. Matenda oiwala nthawi zambiri amanka nakula, ndipo chaka chikubwerachi chingadzalemere kuposa chino. Ukakhala chete pano, udzachisenza wekha.

Aphungu