Kamwanapiye ka Thadzi Munapha Lija

Kawale, Lilongwe
14 Juni 1994

Alamu a Ephraim,

Ndikhulupirira munafika bwino ku Joni ndipo kamba wa paulendo anakukwanirani. Ife kuno tilipo, kungoti kwazizira.

Ndati ndikuuzeni za thadzi munapha lija. Kwathu ku Ntcheu ngakhale mwana amadziwa kuti nkhuku yofungatira saipha, koma inu munaichotsa pamazira kuti mupeze chodya m'basi. Mazirawo tinakaikira nkhuku ya anzathu oyandikana nafe. Inaswa limodzi lokha, kamwanapiye kofooka kosatha kuima, ndipo inayamba kukajompha.

Akukasamala ndi mkazi wanu. Agatha amakafunditsa chitenje pachifuwa pake, n'kumakadonthezera madzi kukamwa ndi nthenga. Amakadyetsa gaga wonyowetsa, pamene iye mwini phala akulibweza. Dzulo ndinati tikaike pafupi ndi mbaula kuti iye apumeko, koma anakana. Anati, "Achemwali, kasiyeni. Bambo a Luntha adzakapeze kakuyenda, aone kuti sitinataye zonse."

Mng'ono wangayu ndinamubereka kumbuyo ndine, ali kamwana konenepa kolemetsa msana. Lero chibangili munamugulira chija chikuvuka chokha pamkono. Zimene ananena adokotala munazimva ndi makutu anu musanakwere basi, ndiye sindizilemba.

Kamwanapiyeko kayamba kutola chakudya kokha, mwina kachira. Ngati mukufuna kuti adzakuonetseni ndi mwini wake, musadikire Khirisimasi.

Ndine mlamu wanu,
Dinah