Ndayamba Kuphunzira Kusambira

Okondedwa achimwene Ambrose,

Landirani moni wochokera kuno ku Edmonton. Kwathu ku chilumba cha Fogo muli bwanji, inu ndi alamu anga a Bernadette? Nanga bondo la amayi lija likuwapatsa mpata m'chisanu chino? Ine ndili bwino, kungoti milomo yachita kung'aluka ndi mphepo youma ya kuno.

Ku kampani ya mapaipi kumene ndikugwira ntchito kuli chinthu chondidabwitsa. Chaka chilichonse abwana amaika padera kandalama ka wantchito aliyense, ati kosamalira thupi ndi mtima. Si ka mankhwala kapena magalasi ayi, izo n'za inshulansi. Umagula wekha chinthu, n'kupereka lisiti, iwo n'kukubwezera. Ine sindinkalabadira, mpaka Gurpreet, mnzanga wa mu ofesi, atandinena kuti ndine mbuli, ati chaka chikatha ndalamayo imabwerera kwa eni ake ine ndili yasaa.

Ndiye ndinapita kwa mayi Kowalchuk, oona za antchito, kukawapanikiza ndi mafunso. Nsapato zothamangira, akuti amalipira. Njinga, amalipira. Wofuna kusiya fodya, amamuthandiza. Nditafunsa za kabotolo kaja mumati kamachiza chifuwa, anaseka mpaka kutsokomola, ati kameneko achimwene akowo adzigulire okha. Koma chinandigonetsa pansi n'choti amalipiranso chiphaso chowedzera nsomba, ati kuwedza kumapumitsa mtima! Ndiye kuti inu ndi msana wanu wopindika ndi usodziwo mwakhala mukupuma chibadwire osadziwa.

Kenaka anatchula maphunziro a kusambira, n'kunena kuti amenewo ine sindingawafune, poti mwana wa pachilumba amabadwa ali nsomba kale. Nditawauza kuti kwathu palibe amene amasambira, anandiyang'ana kukamwa kuli pululu. Funso lawo linali limodzi: chifukwa chiyani? Ndinawayankha mawu a malemu bambo aja, oti m'madzi ozizira ngati athu kusambira n'kungotalikitsa mavuto. Koma m'basi pobwerera, yankholo silinandikhutitse. Kodi bambo mawu amenewa anawamva kwa yani? Alipo amene anayesapo?

Basi ndinalembetsa. Mphunzitsi wake ndi Jocelyn, mtsikana woti ndikanatha kumubereka ine. Tsiku loyamba ndinakakamira khoma la dziwe ngati nkhupakupa. Iye anati mayi, khomalo silithawa, mudzalipeza pomwepo. Anandigoneka chagada, dzanja lake lili pankhongo panga, madzi n'kudzaza m'makutu. Mumadziwa kuti pansi pamadzi munthu umamva mtima wako ukugunda? Sabata yatha ndinayandama ndekha, wopanda wondigwira. Ndinangoona denga, thupi lonse lili pepuu, ndipo ndinalira osadziwa chondiliza.

Titatuluka ndinamufotokozera Jocelyn za bambo, kuti boti lawo linagubuduka pakamwa pa doko penipeni. Iye anati madzi ozizira amayamba alanda mpweya, munthu n'kuyamba kuphiriphitha. Koma wodziwa kugona chagada n'kudikira kuti mpweya ubwerere amawapatsa nthawi omupulumutsa. Achimwene, inu munali m'boti la amalume tsiku lija. Munatsala patali bwanji kuti muwapeze? Sindinakufunsenipo, koma tsopano funsoli silikundichoka.

Ndinabwereranso kwa mayi Kowalchuk kukafunsa ngati ndalama ija ingalipirire mlongo wa munthu. Akuti ayi, n'ya mwini, mwamuna wake ndi ana basi. Palibe kanthu, mphunzitsi ndidzakhala ine.

Pempho langa ndi ili. Ndikubwera mu Ogasiti, nyengo ya nkhanu itatha. Mudzandilole ndidzakutengeni ku dziwe la kuseri kwa tchalitchi lija, ndidzakuphunzitseni kuyandama. Ndikudziwa kale zomwe munene, zoti bambo wa imvi sangavule malaya pamaso pa mudzi wonse, ndi zoti anzanu a padoko adzakusekani mpaka Khirisimasi. Adzaseke. Kusekedwa kumapola. Tsiku lija ine ndinali chilili padoko, dzanja la amayi lili m'manja mwanga, tikuona zonse. Sindifuna kudzaimanso pamenepo ndi a Bernadette.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma za dziwezi ndidzawauza ndekha. Moni kwa alamu anga, kwa amalume a Cyril ndi azakhali a Philomena, ndi kwa ana onse. Mundiyankhe, musangotuma a Bernadette.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Loretta