Tinasesa Pakhomo pa a Funsani

Lolemba, 6 Meyi

Kuzizira kwayamba. Zala kuuma pamakina. Mayunifomu atatu, diresi limodzi la ukwati. Ulusi woyera watha, ndipo kusitolo wakweranso.

Bibiana wabwera kusukulu thumba la bulauzi litang'ambika. Mwana wanga wamkazi mmodzi yekhayo, Fomu 1. Akuti wakodwa pamsomali. Ine telala wa zaka makumi awiri ndingalephere kusiyanitsa kung'amba kwa msomali ndi kwa dzanja la munthu? Nditamufunsa kachitatu walira. Ndi pa a Funsani pomwe paja. Njira ya kusukulu ndi imodzi, ndipo imadutsa pakhonde penipeni pa shabini yawo. Kachasu m'timabotolo kuyambira seveni koloko m'mawa, sipika kukuwa ngati pali chinkhoswe, amuna a ndevu zawo pamabenchi kumayang'ana ana a eni ake kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kale anali mawu okha. Lero wina wamugwira.

Thumba ndasoka. Msoko wapita mokhota, ndachita kubwereza.

Lachitatu, 8 Meyi

Amuna anga a Vitalis apsa mtima, ndipo sindiwanena. Akuti mwana apite kwa achemwali awo ku Bangwe. Ndakana. Kumeneko zipinda ziwiri, ana anayi, wamng'ono akuyamwa. Bibiana akakhala wolera ana, sukulu ikathera pamsana.

Ndawakumbutsa kuti ndine mlembi wa komiti ya msika, kuti chiyambire Januwale ndalemba makalata atatu kukhonsolo, onse odindidwa. Iwo: “Amake Bibiana, makalata anuwo akuyatsira mbaula kumeneko.” Zandiwawa chifukwa mwina n'zoona.

Andipatsa mpaka kutha kwa mwezi. Likakwana tsikulo pa a Funsani pali chimodzimodzi, mwana akwera minibasi.

M'mawa ndikumuperekeza mpaka kumjigo. Masana sindingathe, makasitomala. Amaweruka nthawi zosiyanasiyana.

Lachisanu, 10 Meyi

Ndinapita ndekha kwa a Funsani. Anandilandira ndi mano onse panja, mpaka kundipukutira benchi. “Mlamu, ine ndimagulitsa mowa. Pakamwa ndi manja a anthu sindigulitsa ayi.” Kumbuyo kwawo wina anali gone pansi, nsapato imodzi kulibe, teni koloko isanakwane.

Malamulo alipo. Ndinamata ndekha pachitseko cha ofesi ya msika: mowa usagulitsidwe m'mawa, usagulitsidwe panjira ya ana a sukulu, phokoso ayi. Pepala lachita kuyera ndi dzuwa. Koma mchemwali wa a Funsani anakwatiwa kwa akhansala athu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Chimanga tamaliza kukolola. Matumba asanu ndi limodzi basi.

Lachinayi, 16 Meyi

Lero ndaseka koyamba mwezi uno.

Kalata yabwera. Gulu la kukhonsolo loyendera misika lifika kuno Lachinayi likudzali, pa 23. Adzaona ukhondo, zimbudzi, malamulo a mowa, zachisokonezo, n'kupereka malikisi. Zachisokonezo! Mawu anga enieni a m'kalata yachitatu. Ndiye kuti wina anawerenga.

Apampando athu a Hamadi anakwera pabenchi ya nsomba n'kuwerengera msika wonse, tsiku ndi ola lomwe. Anthu m'manja. Inenso m'manja mpaka kuwawa. A Funsani nawonso anali pomwepo, akuomba kuposa tonse.

Ndawauza a Vitalis kuti asunge ndalama yawo ya minibasi. Angoti, “Tiona.” Bibiana wadya bwino lero.

Loweruka, 18 Meyi

Msonkhano wa komiti. Maola atatu, msana kuwawa.

A Hamadi mowa salawa, fungo lake lokha amatembenuka. Makalata anga onse anasainira ndi mtima umodzi. Koma lero nkhani yawo inali ina. “Alendo sitiwalandirira pazinyalala. Akatiseka kuboma, akati pamsika paja pamakhala anthu kapena mbuzi?” Onse kugwedeza mitu. Ntchito kugawana pomwepo: ometa udzu, opaka miyala laimu, amayi oimba, ophika tiyi. Laimu wapereka ndani? A Funsani, matumba awiri, mwaulere.

Ndinaimika dzanja. Ndinati zonse tichite, koma pa a Funsani tisiye mmene palili, alendo adzaone okha. Kenako a Nabanda ogulitsa mandasi aja: “Inu a Dorothy, kwanu apongozi akamabwera mumasiya mbale zakuda kuti aone mmene mumakhalira?” Chiseko nyumba yonse.

Chondinyansa n'chakuti inenso ndinaseka. Ndiyeno ndinalemba bwinobwino m'buku, ndi dzanja langa: komiti yagwirizana kuti msika wonse usesedwe.

Andipatsanso ntchito yosoka nsalu ya patebulo la alendo.

Lachitatu, 22 Meyi

Tsiku losesa. Fumbi mpaka m'mano.

Chigawo changa: kuchokera pasiteji mpaka kumjigo. Ndiye kuti ndi pa a Funsani pomwe. Anandigawira dala kapena zinangochitika, kaya.

Ndinadumpha. Ndinasesa uku, ndinasesa uko, pakati n'kusiya. Timabotolo mbwee, zotsalira za ndudu, pakhoma ponunkha mkodzo. Ndinati pakhale choncho. Koma amayi anzanga atamaliza zigawo zawo anaima ndi matsache awo n'kumandiyang'ana. Msika wonse mbee, chigamba chimodzi chakuda, ndipo aliyense akudziwa kuti n'cha a Dorothy. Mayi anga anandilera kuti pakhomo posasesa ndi dzina la mkazi. Ndinangopezeka ndawerama.

Matumba atatu a timabotolo. Tinakwirira kudzala. A Funsani anathira phulusa pakhoma, n'kunditcha mayi wachitukuko.

Ana a sukulu ankadutsa nthawi yomweyo. Sindinadzutse mutu.

Ndikudziuza kuti mawa ndikalankhula pakamwa. Pakamwa ndili napo.

Lachinayi, 23 Meyi

Anati naini koloko. Afika cha m'ma leveni, galimoto imodzi, anthu anayi ndi akhansala. Amayi anali ataimba mpaka mawu kusasa.

Pa a Funsani sindinapazindikire. Sipika kulibe. Mabenchi kulibe. Patebulo tomato, sopo wodula, nzimbe, akazi awo atakhala poteropo ndi duku latsopano. Makasitomala onse anawatumiza kudimba ndi chigubu chawo m'mamawa. Chikhalire pamsika pano ndinali ndisanamvepo mbalame zikulira pamalo paja, koma lero ndazimva.

Zolankhula: pemphero, a Hamadi, akhansala, mlendo wamkulu. Tiyi. Mafunso anatsala mphindi zisanu, dalaivala atalizitsa kale galimoto. Ndinaimirira. Ndinanena zonse, za kachasu wa m'mawa, za ana athu aakazi, za bulauzi. Dzina la mwana sindinatchule, koma ndani sakudziwa.

Mayi wina wa m'gulumo, wamagalasi, anamvetsera ndithu. Anafunsa kuti malowo ndi ati. Ndinaloza. Onse anatembenuka n'kuona tomato.

Anapita yekha mpaka pakhonde, anasuzumira, anayang'ana pansi. Pansi posesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka. Tsache langa. Pobwera anandiuza motsitsa mawu: “Mayi, sindikuti mukunama. Koma pafomu ife timalemba zimene taona.”

Akhansala anaseka n'kunena kuti amayi a kuno amakonda ana awo kwambiri. Anthu m'manja.

Nsalu ya patebulo anaiyamikira. Ati yosokedwa mwaluso.

Lachisanu, 24 Meyi

Sikisi koloko m'mawa, sipika. Nyimbo yomwe ija.

A Nabanda sakundiyankha moni. Akuti ndinachititsa manyazi msika pamaso pa alendo. A Hamadi anabwera kumakina kwanga, anakhala kanthawi akutembenuza chipewa m'manja. “Achemwali, mwina tinalakwitsa. Koma nanga tikanatani, alendo?” Ndikanawakalipira bwanji, poti matumba atatu aja ndinanyamula ndine.

Mapanga awiri avumbwitsa. Ndinafuna kukhala mayi wa Bibiana, ndinafunanso kukhala mayi waulemu wa pamsika.

Lachiwiri, 28 Meyi

Bibiana sanapite kusukulu dzulo, lero sanapitenso. Akuti mutu. Mnzake Subira ndiye wandiuza. Lachisanu poweruka amuna aja anaimirira pabenchi onse pamodzi n'kumuombera m'manja, ati wadutsa mwana wa loya. Wina anamutsatira mpaka kumjigo.

Ndiye kuti kulankhula kwanga kwangomuika chizindikiro.

Ndinapita kupolisi ya m'mudzi. Wapampando wake ndinamupeza kwa a Funsani komweko, botolo lili pakati pa mapazi. Ndinabwerera panjira.

A Vitalis sananene kuti ndinakuuzani. Bola akananena. Angotuluka panja ndi foni, ndawamva akuti, “Achemwali, Lamulungu.”

Diresi la ukwati ndadula molakwika mkono. Nsalu ya eni ake.

Lachisanu, 31 Meyi

Makalata awiri kuchokera kukhonsolo, envelopu imodzi.

Yoyamba: msika wathu wakhala nambala wani pa misika yonse imene anayendera. Ukhondo, bata, kutsata malamulo. Kubwera setifiketi. A Hamadi akuti mlembi ndi amene akalandire, ndivale bwino.

Yachiwiri ya ine, yankho la makalata anga atatu aja. Mizere inayi. Gulu lathu linayendera malowo pa 23 Meyi ndipo silinapeze vuto lililonse. Nkhaniyi yatsekedwa. Tikuthokoza chifukwa chokonda dera lanu.

Miyezi isanu kudikira yankho. Ndaliwerenga kanayi, ndalipinda, ndaika pansi pa mwendo wa makina umene umagwedera uja.

Adzabweranso chaka chamawa, akuti. Adzatidziwitsa tsiku.

Lamulungu, 2 Juni

Titachoka kutchalitchi. Chikwama chimodzi, bulangete, ufa pang'ono, nandolo wouma wa chaka chatha. Yunifomu Bibiana anaipinda yekha n'kuika pansi penipeni. Za malo a sukulu ku Bangwe azakhali ake akuti tiona temu ya mawa. Mawu amenewa ndimawadziwa.

A Vitalis anatsogola ndi chikwama. Ife awiri m'mbuyo. Tinazungulira kuseri kwa chigayo kuti tisadutse paja. Njira yonse ndinkalankhula ndine: uzisamba m'mawa, uziwerenga ngakhale pang'ono, azakhali ako usawayankhe. Iye maso pansi.

Pasiteji minibasi inachedwa kudzaza. Bibiana anakhala pawindo. Ndinamupatsa thuu sauzande ya m'thumba, anailandira ndi manja awiri. Kondakitala atayamba kumenya chitseko ndi pamene anandiyang'ana.

“Amayi, tsiku lija ndinakuonani. Munkasesa.”

Sanakalipe, sanalire. Anangonena ngati akundiuza kuti mchere watha. Ndinatsegula pakamwa, minibasi inanyamuka.

Pobwerera ndinadutsa dala pa a Funsani. Amuna aja anadzuka pabenchi, mabotolo m'mwamba, ati a sekeletale tawina, nambala wani. A Funsani akufunsa ngati setifiketi tidzaipachike muofesi kapena panja poti aliyense aziona.

Kunyumba zii. Mphasa yake ndaisiya chiyalire.

Mawa pali komiti, naini koloko. Buku la maminitsi lili apa patebulo. A Hamadi atumiza uthenga kuti ndikonzeretu mawu othokoza onse amene anagwira ntchito yosesa, mayina onse, ndisaiwale ndi mmodzi yemwe. Ndayamba kulemba. Dzina loyamba ndalemba langa, ndiye cholembera chaima